Thobwa la Komuredi Simeon

Mwini chigayo amaidziwa njala wailesi isanailengeze. Ine Zuberi, mwana wa Che Hamidi, ndinali ndi chigayo chachikulu kuposa zonse ku Nketa, mu mzinda wa Bulawayo, moti chilala cha 1983 ndinachiona chikulowa pakhomo panga ndi miyendo yake. Poyamba anthu ankabwera ndi matumba pa wilibala. Kenako zidebe. Kenako timabeseni. Mwezi wa Ogasiti mayi wina anabwera ndi chimanga chomanga pa duku, n'kundipempha kuti ndimuyatsire injini yonse ija. Ndinamuyatsira. Ine si munthu woumira dizilo pamaso pa mayi wa ana.

Mundidziwe kaye. Ndinachoka kwa Makanjira ndilibe ngakhale nsapato. Ndinadutsa Tete wapansi, ndinakumba malasha ku Wankie, golide ku Joni, mkuwa ku Kitwe. Ndagulitsapo nsomba zouma ku Lubumbashi, ndanyamulapo katundu padoko la Beira, ndamwapo tiyi wonunkhira ku Dar es Salaam ndi Aluya a mikanjo yoyera mbee. Palibe anandipatsa kanthu. Malole awiri amene ankagona pa yadi yanga ku Donnington, chigayo, ndi galimoto ya Pijo yoyera imene ana ankaithamangira mumsewu, zonsezo ndi thukuta langa. Ndimayankhula zilankhulo zisanu ndi chimodzi, ndipo kutukwana ndimatha m'zisanu ndi ziwiri.

Koma nkhaniyi si ya chuma changa. Ndi ya mjigo umodzi.

Kuseri kwa nyumba zomaliza za Nketa kunali dambo louma. Kumeneko n'kumene ankalima mabanja athu, ife amene tinachokera ku Nyasalande, Asilamu ndi Akhristu omwe. Anzathu Amandebele ndi Amashona akafuna munda amangokwera basi kupita kumudzi. Ife kumudzi kwathu kuli kuseri kwa malire awiri. Ufulu utabwera, boma linagawa minda, mbewu ndi feteleza kwa anthu a kumidzi, ndipo linachita bwino. Koma ife amene tinakumba migodi ya dziko lino, n'kuyala njanji zake, n'kusesa misewu ya Bulawayo, sitinali m'mutu mwa munthu aliyense. Ngakhale damboli silinali lathu. Zaka zina kunkabwera amuna a yunifomu ndi zikwanje n'kudula mbewu zili pafupi kucha, ati tauni si munda.

Amene ankatsogolera kudamboko anali achemwali anga a Hadijah, amene anandibereka kumsana ndili khanda. Ulimi wawo unali wa kwathu weniweni. Mizere yopingasa, yotseka uku ndi uku kuti dontho lililonse ligone pamene lagwera. Pamwamba mapira, pambali nandolo, pansi khobwe ndi maungu zikuyanga n'kuphimba nthaka. Mapirawo anali ofiira, afupiafupi, ndipo mbewu yake amayi athu anabwera nayo kuchokera kwa Makanjira ataisokerera mu pilo. Chaka chimenecho chimanga cha m'sitolo chinapsa chili m'mawondo paliponse pamene malole anga ankadutsa. Mapira a achemwali anabala. Sanabale zodzaza nkhokwe, koma anabala.

Komabe mapira ochepa sangadyetse mabanja ambiri chaka chonse. Pofika Seputembala anali atatha, ndipo mabanja ambiri anali atadya ngakhale mbewu. Imene inatsala inali ya achemwali yokha, m'zipanda zazikulu, yosakaniza ndi phulusa kuti anankafumbwe asailowe. Dambo lonse linkayembekezera zipanda zimenezo.

Apa m'pamene ndinamva za komiti ina ya thumba la chilala. Inali ndi ndalama za boma ndi makina okumbira mijigo, ndipo mbali yathu ya tauni kunatsala dzenje limodzi loti likumbidwe. Mufunsa kuti bwanji Zuberi wa malole sanakumbe yekha. Ndinayesa. Anandiuza kuti munthu wamba sakumba pamalo osakhala ake. Koma mjigo wa boma ukaima pamalo, ndiye kuti boma lavomereza kuti anthuwo alipo, ndipo wa chikwanje sangadule mbewu yothiriridwa ndi madzi a boma. Mjigowo unali madzi, unalinso chilolezo.

Ndinapita ku msonkhano wa komitiyo mu holo yodzaza anthu. Ndinayamba m'Chindebele, Chingerezi ndikungowaza pamwamba ngati mchere.

"Akuluakulu," ndinatero, "azungu aja sanali alimi chifukwa cha khungu. Madamu awo anamangidwa ndi ndalama za boma. Mijigo yawo ndalama za boma. Msonkho wake tinkakhoma ndife. Lero boma ndi lathu. Mukugula chimanga chachikasu kunja, kuchikweza sitima, kuchikweza malole, ena mwa malolewo ndi anga ndipo ndikuthokoza. Koma chaka chamawa mudzagulanso, ndi chinacho mudzagulanso. Bwanji osaika ndalama pamene chakudya chimamera ngakhale kumwamba kutatseka? Kuseri kwa Nketa kuli amayi amene akolola chaka chino, chaka chimene mapulazi akuluakulu akolola fumbi. Apatseni mjigo umodzi. Adzalima dimba m'chilimwe, adzapulumutsa mbewu mvula ikadula, ndipo mapira awo mudzawagawa mpaka ku Plumtree. Ine sindikupempha chifundo. Ndikuitanitsa msonkho wanga."

Holo inagwedezeka ndi m'manja. Ndayankhulapo pamaso pa mabwana a migodi atatu, koma tsiku limenelo ndinadziposa ndekha.

Wapampando wa komiti anali Komuredi Simeon, bambo wamtali wa suti ya safari ndi mawu ofewa ngati wansembe. Anadikira phokoso lithe.

"Baba Zuberi, mwayankhula," anatero. "Koma thumbali ndi la anthu amene njala yawagwira pakhosi. Tibwera tidzaone ndi maso athu. Tikapeza kuti ndi mmene mwanenera, makina apita kwanu."

Ndinathamangitsa Pijo mpaka kwa achemwali. Ndinawapeza pakhonde ndi amuna awo, alamu anga Che Abbas, amene fakitale ya mabulangete ku Donnington inali itawachotsa ntchito chaka chomwecho. Panalinso Mayi Dorah a nyumba yoyandikana, mayi wa Mvano wobadwira konkuno, amene Chichewa chawo chimayenda chitagwirana mkono ndi Chindebele.

"Achemwali, ndawakoka! Akubwera okha kudambo."

"Alhamdulillah. Abwera angati?"

"Mukufunsiranji?"

"Ndidziwe mbale."

"Mbale ayi!" Ndinamenya pa bondo. "Mverani ine amene ndayenda. Ku Joni ndinaphunzira kuti wokapempha kukwezedwa malipiro savala jekete. Anthu a boma saona ndi mtima, amaona ndi maso. Musasese. Musaphike. Ana asadzole mafuta, mbuu wawo uoneke. Akapempha madzi, apatseni a m'chithaphwi omwe mumamwa aja, aone mtundu wake."

Achemwali anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku chipewa.

"Iwe Zuberi, zilankhulo zako zonse zija, palibe ndi chimodzi chomwe chinakuphunzitsa manyazi? Mlendo afike pakhomo panga, achoke kukamwa kuli gwa? Ndidzawauza chiyani amayi tsiku la chiweruzo?"

"Mudzawauza kuti munapeza mjigo."

"Hayi bo, Che Zuberi," analowerera Mayi Dorah. "Akutinena kale kuti MaNyasa alibe kwawo. Tsopano mufuna azikanena m'maofesi kuti alibenso ulemu, ndi anthu auve? Chimene tatsala nacho n'chiyani nanga?"

"Mwatsala ndi njala, mayi. Imeneyo ndiyo akufuna kuiona. Ionetseni tsiku limodzi lokha."

"Njala ndi maliseche," anatero achemwali. "Munthu savula pamaso pa mlendo."

Ndinatembenukira kwa alamu. "Che Abbas, simuyankhulapo?"

Iwo anapitiriza kusenda kamtengo kotsukira mano. "Alamu, ine ndinasiya kutsutsana nawo amenewa Chitaganya chisanathe. Inu muli ndi malole, yesani."

Ndinayesadi. Ndinafotokoza, ndinanyengerera, ndinaopseza, mpaka mawu anasasa. Pomaliza achemwali anati, "Tamva." Ndinanyamuka mtima uli m'malo, ndipo mawa lake ndinapita ndi lole ku Hwange, Wankie wakale uja, kukatenga katundu. Ndinakhalitsako, n'kubwerera tsiku la alendo litayandikira.

Tsikulo Pijo ndinaisiya pa yadi. Ndinavala ovololo yakale yong'ambika pa bondo, n'kukwera landirova ya komiti pamodzi ndi Komuredi Simeon ndi anzake atatu. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Njira yonse ndinkawakonzekeretsa.

"Komuredi, limbani mtima. Zimene mukaone kumeneko, ine amene ndaona njala ya ku Tete ndinalira."

Titadutsa nyumba zomaliza, mphepo inalowa pa windo. Inabwera ndi fungo la nyama ya mbuzi.

Ndinati mwina ndi mphuno zanga. Kenako nthungululu zinaphulika.

Pakati pa dambo panali chisakasa chatsopano cha udzu. Pansi posesa bwino, powaza madzi kuti fumbi ligone, madzi amene amayi aja ankakawatunga kutali ndi zidebe pamutu. Mikeka yoyala, mipando yobwereka. Amayi a Chisilamu mbali iyi ndi mipango yowala, amayi a Mvano mbali iyo ndi mabulauzi oyera ositidwa, onse akuimba. Mbuzi inali ija imene achemwali ankasungira sadaka ya malemu amayi athu. Nkhuku zinali za Mayi Dorah, zonse. Mpunga ndinaumva pambuyo pake kuti unachokera pa njinga ya Che Abbas, imene inali itapita ku msika osabwerera. Ndipo pamthunzi panaima migolo ya thobwa.

Ndinasuzumira mu mgolo woyamba. Thobwalo linali lofiira. Thobwa limafuna chimera, chimera chimafuna njere zamoyo zoti zimere, ndipo njere zamoyo m'dambo lonselo zinali m'zipanda za achemwali mokha.

Ndinawakokera pambali. "Achemwali, mwachita chiyani?"

"Ndalandira alendo."

"Ndi mbewu?"

"Ndasiyako chipanda chimodzi. Leka kunjenjemera, anthu akuona. Ndipo wavala chiyani chimenechi? Ukutichititsa manyazi."

Mayi Dorah anali atagwada kale ndi beseni ndi jagi. "Salibonani, bobaba. Sambani m'manja."

Anasamba. Anadya. Ndaonapo anthu akudya m'mahotela a ku Beira, koma sindinaone munthu wopatsa fupa ulemu ngati Komuredi Simeon. Analiyamwa mpaka linalira ngati chitoliro. Mbale ikatsika, dzanja la mayi linkaidzazanso. Anamwa thobwa chikho choyamba osapuma, n'kutseka maso.

"Mnandi! Lakoma!" anatero. "Baba Zuberi, mwativalira ovololo yong'ambika, koma abale anu akukutsutsani. Njala ija ili kuti? Kapena ili pansi pa mpungawu?"

Anzake anaseka. Amayi aja nawonso anaseka, chifukwa mlendo akaseka mwininyumba amaseka.

Atatha ndinawatengera m'munda. Ndinawaonetsa mizere, ndinakumba ndi dzanja kuti aone kuti pansi pa mapesi nthaka inali yozizira. Ndinawaonetsa nandolo ataima wobiriwira pakati pa dziko lopserera. Ndinawaonetsa pamene mjigo ukanaima. Ankangogwedeza mitu, maso akulemera, wina akutokosa m'mano ndi kaudzu. Munthu wokhuta samva za madzi.

Ndinatsala ndi njira imodzi. Kuseri kwa chisakasa, kumene kunali mafuwa, kunali ana a dambo lonse. Anali atawakhazika kumeneko kuti asayang'ane alendo m'kamwa. Anali asanadye, akudikira makombo, ena akupala miphika ndi zala. Miyendo ngati bango, mimba zotupa, tsitsi lofiirira. Mafuta anawadzozadi, koma mafuta sabisa nthiti.

"Komuredi, tabwerani kuseri kuno muone."

Achemwali anafika pa mpata ine ndisanafike. Anaima pamenepo manja atapinda.

"Kuseri n'kwa amayi," anatero mwaulemu. "Mlendo sapita kumaphikiro."

"Achemwali, chokanipo."

"Ndakubereka kumsana uno, Zuberi. Undikankha?"

Komuredi Simeon anakweza dzanja. Sanali munthu wopusa, ndipo ndikhulupirira kuti anaona kuti pali kanthu. "Musakangane," anatero. "Mama, ndiuzeni inu nokha, pamaso pa anthu onsewa. Kuno kuli njala?"

Nyimbo zinaleka. Ndinawayang'ana achemwali ndi maso opempha, ine amene sindinapemphepo munthu chiyambire. Ndinaona chimene mlendo sakanaona: anali atavala zitenje ziwiri, china pamwamba pa chinzake, kuti thupi lioneke lodzaza. Mafupa a pakhosi anawabisa ndi mpango. Amayi onse aja ankawayang'ana, amuna awo ankayang'ana pansi.

"Alhamdulillah, bwana," anatero. "Tikudya."

Kwathu ndi mmene timayankhira. Munthu ali pa mphasa, mzimu uli pakhomo, ukamufunsa kuti wadzuka bwanji amati wadzuka bwino. Wa kwathu amamva yankholo n'kuyang'ana m'maso, n'kubwerera kunyumba kukatenga ufa. Komuredi Simeon sanali wa kwathu, kapena tsiku limenelo anasankha kusakhala. Anamwetulira ngati munthu amene amutula katundu.

"Mwamva, Baba Zuberi? Mayi sanama." Kenako anafunsa, "Nanga thobwa lokoma chonchi, chinsinsi chake n'chiyani?"

Achemwali anatuma mayi wina, ndipo chipanda chomaliza chija chinabwera. Chinali chakale, chakuda ndi utsi, chosalala ndi manja a amayi athu, pakhosi pake pali mikanda. Anatsegula n'kuthira njere zofiira m'dzanja la mlendo.

"Ha! Chokongola bwanji," anatero Komuredi Simeon akuchisisita. "Zoterezi sizipezekanso. Mkazi wanga atachiona angalire."

Ndinadziwa chimene chikubwera. Ndinayankhula m'Chiyao kuti alendo asamve. "Achemwali, ayi. Imeneyo ndi mbewu ya dambo lonse."

"Wayamikira," anandiyankha m'Chiyao chomwecho, nkhope ikumwetulira kwa mlendo. "Ukufuna ndimulande m'manja? Akatipatsa madzi, mbewu tidzaipempha kwa iye yemweyo. Munthu wadya mbuzi yako sangakumane."

Anagwada n'kupereka chipandacho ndi manja awiri.

M'landirova munalowa chipanda, dengu la nandolo, mwendo wa mbuzi wokulunga m'pepala, ndi chigubu cha thobwa cha panjira. Komuredi Simeon anaima pa chitseko n'kuyankhula kwa onse.

"Abale anga, tayenda madera ambiri. Kwina konse atilandira ndi misozi. Inu mwatilandira ndi mbuzi. Uku ndiye kudzidalira kumene dziko latsopanoli likufuna! Ndidzakutchulani m'misonkhano yonse ngati chitsanzo. Makina apita kwa ovutika, koma inu pitirizani chomwechi. Siyabonga."

Amayi ambiri sanamvetse mawuwo chifukwa anayankhula mothamanga. Anaimba nthungululu. Mayi Dorah anamva. Ndinaona jagi ikugwa m'manja mwawo.

Ndinalumphira m'galimotomo isananyamuke. Ulemu ndinausiya pansi.

"Komuredi, mwamwa mbewu yawo. Mwadya sadaka ya mayi wanga. Ana amene ali kuseri kuja sanalawe kanthu. Zonse munaona zija ndiye zonse anali nazo, palibe chatsala!"

"Ndiye n'kulakwa kwanga?" anatero mofatsa. "Ndinafunsa pamaso pa anthu, anandiyankha. Anzangawa ndi mboni. Ndikanena chiyani kwa ena, kuti ndapereka mjigo kwa anthu amene anandiphera mbuzi? Adzati anandigula." Anayang'ana pa windo. "Komanso, baba, tisanamizane. Zikafika povuta, inu muli ndi kwanu kothawira. Ena alibe."

"Kwathu? Mapapo anga ali ndi fumbi la Wankie. Mayi wanga agona m'manda a mzinda uno. Mukuti ndithawire kuti?"

Ndinamenya denga kuti dalaivala aime, ndinatsika, ndipo ndinatukwana m'chilankhulo chachisanu ndi chiwiri chija mpaka fumbi lawo linazimirira.

Makina aja ndinawaona ndi maso anga patapita masabata ochepa, ndikudutsa ndi lole mumsewu wa Plumtree. Anali akukumba pa pulazi imene munthu wina wamkulu anali atangogula kumene kwa mzungu. Ovutika ake ndinawaona: ng'ombe zonenepa za makutu olendewera, ndi kapinga wa pabwalo amene anali atayamba kufota. Mwini pulaziyo sanaphere komiti mbuzi. Iye ankadziwa kulira pamalo oyenera.

Ndinapita ku ofesi ya Komuredi Simeon kukaitanitsa mbewu yokhayo. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando. Chipanda cha amayi chinali pamwamba pa kabati, atachipaka polishi, m'kamwa mwake muli maluwa a pulasitiki.

"Njere zija?" anatero. "Zinali ndi phulusa, baba. Mkazi wanga anathira nkhuku. Zinazikonda kwambiri."

Anthu amandifunsa kuti pa nkhaniyi ndimakwiyira ndani. Achemwali ndinawakwiyira, inde, ndipo kwa kanthawi sindinkaponda pakhomo pawo. Koma iwo analakwa chiyani? Anachita chimene amayi awo anawaphunzitsa. Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi thumba la boma limene limafuna kuti munthu ayambe wavula kuti limuone. Munthu amene wapeza njira yokolola m'chilala ndiye woyenera kumuthira ndalama, kuti njirayo ifike kwa ena. Ife timadikira agwe kaye, kenako timubweretsere chimanga chachikasu pa lole ya Zuberi, n'kujambulitsa chithunzi.

Mvula inagwa pang'ono mu Disembala. Ndinagula mbewu ya chimanga ya m'sitolo, ya dambo lonse, ndi feteleza yemwe, chifukwa mapira a mtundu umenewo sanapezeke paliponse pamene ndinafunsa. Chimangacho chinamera bwino, chinafika m'mawondo. Januwale mvula inadula. Kunalibe mjigo. Chimanga chinapota masamba, chinayera, chinagona. Chaka chimenecho ngakhale amuna a zikwanje aja sanavutike n'kubwera.

Tsiku lina m'mawa ndili pa chigayo, ndinaona achemwali pamzere. Anali atanyamula kachitini ka chimanga chachikasu chimene anakachipeza pamzere wina wa thandizo. Anaima pakati pa anthu, osadumpha mzere ngakhale chigayo ndi cha mlongo wawo. Ndinapita ndekha kukawalanda chitinicho.

"Mwadzuka bwanji, achemwali?"

"Ndadzuka bwino, kaya iwe?"

"Inde, mukuoneka. Mwanenepa ngati ng'ombe za ku Plumtree."

"Pakamwa pako mpamene panakulemeretsa, mpamenenso padzakuphe. Gaya, ndikufuna ndikaphikire alamu ako."

Ndinathira chimangacho m'chigayo, n'kuonjezapo changa iwo akuyang'ana kumbali. Injini italeka ndinawauza.

"Ndikupita kwa Makanjira. Ndidzera ku Lusaka ndi Chipata, njira ya Tete ili ndi mfuti. Ndikafunafuna mapira a amayi aja. Ngati kuli nkhalamba imodzi yokha imene ikuwasungabe, ndikaipeza. Ine ndinapeza dayamondi m'thumba la Mgiriki ku Lubumbashi, mapira sangandithawe. Ndikabwera nawo ndidzapitanso ku komiti ina, ndi ina, mpaka atatopa nane. Koma ulendo uno alendo ndidzawalandira ndine."

Sanaseke. Anayang'ana ufa wachikasu uja.

"Akakhala kuti aliko azakhali a Subira, ukawapeze," anatero. "Ndiwo ankasunga mbewu." Kenako anamasula chitenje cha pamwamba, chija chatsopanoko, n'kuchipinda bwinobwino. Atatsala ndi chimodzi ndinaona mmene anathera. Anali ngati mtengo wa nandolo wouma.

"Ichi n'chiyani?"

"Ukawapatse. Sungafike kwathu chimanjamanja ngati wothawa."

"Achemwali, mwatsala ndi chiyani inuyo?"

"Landira, anthu akuona."

Ndinalandira. Anasenza kachitini kawo, anayenda pang'ono, n'kutembenuka.

"Zuberi."

"Ee?"

"Akakakufunsa kuti ku Bulawayo tili bwanji, ukawauze kuti tili bwino."